Nyimbo za pamtondo ndi mbiri ya machona ku Nkhotakota

M'chilimwe chathachi ndinakhala masabata awiri m'mudzi wina pafupi ndi nyanja ya Chia, kumwera kwa boma la Nkhotakota, kujambula nyimbo za amayi achikulire pa foni. Tsiku loyamba ndinalakwitsa. Nditakaonekera kwa amfumu ndi kufotokoza chimene ndinadzera, ndinakhazika agogo atatu pamkeka n'kuwapempha kuti aimbe, koma ankangoyamba pang'ono n'kusiya, chifukwa nyimbo ya pamtondo imayendera kugunda kwa munsi, ndipo popanda munsi mawu amathawa. M'mawa mwake mmodzi anatulutsa mtondo umene unagona kuseri kwa nkhokwe chibwerere chigayo, anathiramo mpunga, ndipo atangogunda kangapo nyimbo zinayamba kutuluka zokha.

Zambiri zinali zodandaula za amuna amene anapita ku Joni ndi ku Halale n'kuchona. Ulendo wa kumigodi kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi ya ku Joni, unaima m'chaka cha 1974, pamene Dr Kamuzu Banda anauletsa ndege itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha anthu athu oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Mabuku a boma anasunga chiwerengero cha amuna opita ndi ndalama zimene ankatumiza, koma za mkazi wotsala, wolima yekha munda, wosaka yekha ndiwo za ana ndi kudikira kalata yosabwera, zinasungidwa pamtondo, pamene mayi ankatha kudzudzula mwamuna kapena apongozi popanda womuimba mlandu. Katswiri wa mbiri Megan Vaughan anadalira nyimbo zotere polemba za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, ndipo ine ndikuona kuti kuno kunyanja chuma chomwechi tikuchilekerera.

Komabe nyimbo sitchula chaka, ndipo woimba aliyense amachotsa dzina lakale n'kuikamo la munthu amene wamupsetsa mtima lero. N'chifukwa chake ikatha nyimbo ndinkafunsa kuti, “Agogo, imeneyi anakuphunzitsani ndani, ndipo munali msinkhu wanji?” Nyimbo ina ya njala ndikanailemba kuti ndi ya 2002, koma agogowo anati anaimva kwa amayi awo iwo asanathe msinkhu, ndipo yankho limeneli linaibweza m'mbuyo zaka zambiri. Ndinkaijambulanso kwa munthu wina wa mudzi wina, kuti ndione mawu amene sasintha, pakuti amenewo ndiwo akale. Wofuna kuyerekeza angathe kumveranso zimene katswiri wa nyimbo za ku Africa Hugh Tracey anajambula m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950, zimene zikusungidwa ku International Library of African Music ku Makhanda, m'dziko la South Africa.

Tsiku lotsanzika ndinawatsegulira zonse zimene ndinajambula. Agogo a mtondo aja atamva mawu awo anagwira pakamwa, kenako anandiuza kuti nyimbo imodzi ndisaitulutse, chifukwa munthu wotchulidwamo adzukulu ake akadali m'mudzimo. Ndinaifufuta iwo akuona.