Mandimu a ku Amalfi

Kummwera kwa dziko la Italy kuli gombe limene mapiri amatsikira m'nyanja mosasiya ndi kadambo komwe. Nyumba zimakakamira pathanthwe, ina pamwamba pa inzake, ndipo msewu waukulu ndi umodzi wokha, SS163, wa makilomita pafupifupi 50. Ndiko ku Amalfi kumeneko. Ine ndi amayi akunyumba tinasunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti tikakumbukirireko tsiku la ukwati wathu. Tinadzera ku Addis Ababa n'kukatsikira ku Rome, kenako sitima yapamtunda yothamanga inatifikitsa ku Salerno.

Mukafika ku Salerno, kwerani boti, basi ilekeni. Msewu uja ndi wopapatiza, wokhotakhota, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti magalimoto amangodzazana. Muli pamadzi ndi pamene midzi imaoneka bwino, Maiori, Minori, Atrani, uliwonse uli pakamwa pa chigwa chakechake.

Tinagona ku Ravello, mamita oposa 300 pamwamba pa nyanja. Chipinda chinali chodula zedi, ndipo sindinganame, chinali chabwino: khonde loyang'ana kunyanja, chakudya cham'mawa chofikira pakhondepo, antchito aulemu. Tinayenda m'minda ya maluwa ya Villa Rufolo, kumene wopeka nyimbo Richard Wagner anafika mu 1880, tinaimanso pakhonde lotchuka la Villa Cimbrone. M'tauni ya Amalfi tinakwera masitepe 62 a tchalitchi chachikulu, mmene amasunga mafupa amene amakhulupirira kuti ndi a mtumwi Andireya, obwera kuchokera ku Constantinople (Istanbul ya masiku ano) mu 1208. Amayi anagwada nthawi yaitali mmenemo.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi mandimu. Mapiri onsewo anawasema kukhala timinda tosanjikana, kalikonse kotchingidwa ndi khoma la miyala yongosanja popanda simenti. Mitengo ya mandimu amaiyala pa thandala la milimo ya mtengo wa chestnut, moti zipatso zimalendewera pamutu pako. Mtundu wake amautcha sfusato, ndimu lalitali, la khungu lokhuthala ndi lonunkhira, limene amapangira chakumwa cha limoncello. M'timinda timeneti simulowa galimoto kapena thirakitala. Mandimu amatsika pamsana pa munthu, m'mabokosi olemera, kudutsa masitepe mazanamazana.

Mlimi wina wachikulire anatiyendetsa m'munda mwake. Manja ake anali okhakhala, ndipo ankakwera masitepe ife tikupuma wefuwefu kumbuyo. Anatiuza kuti ana a m'deralo ambiri akusankha ntchito za m'mahotela, chifukwa ulimiwu ndi wowawa ndipo phindu lake ndi lochepa. Sindingawadzudzule anawo. Komabe khoma likasowa wolikonza limagwa, dothi n'kutsetsereka ndi mvula, ndipo pansi pake pali nyumba za anthu. Derali limaidziwa bwino ngozi ya madzi ndi matope: mu Okutobala 1954 inapha anthu oposa 300 ku Salerno, Vietri, Maiori ndi Minori. Pamene bungwe la UNESCO linaika gombeli pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1997, linayamikira ntchito ya manja a anthu pa phiri pamodzi ndi kukongola kwa chilengedwe. Alendo ambiri amalipira mahotela ndalama zankhaninkhani n'kubwerera osaonana ndi mlimi ndi mmodzi yemwe. Zimenezo zimandiwawa. Ngati muli ndi ndalama zogonera ku Ravello, mulinso ndi zolipira mlimi kuti akuonetseni munda wake, n'kugula mandimu kwa mwini wake.

Tisanabwerere tinatsikira ku Cetara, mudzi wa asodzi. Amagwira tinsomba totchedwa alici, tofanana ndithu ndi usipa wathu, ndipo amatithira mchere m'timigolo kwa miyezi yambiri mpaka patuluke msuzi wa colatura wothira mu spaghetti. Chakudya cha kumeneko chinali chotchipa kuposa cha kuhotela, koma ndinachita kuitanitsa mbale yachiwiri.

Amene mukufuna kupita, sankhani Meyi kapena kumapeto kwa Seputembala, pamene maboti amakhala akuyendabe ndipo anthu ndi ochepako. Viza ya Schengen, yolowera ku Italy ndi maiko ena a ku Ulaya, muyambe kuithamangira kudakali miyezi ingapo, ndipo mutenge nsapato zolimba, chifukwa masitepe ali paliponse.