Positikhadi sasambitsa

Sitampa yomatidwa pa envelopu timaichotsa poiviika m'madzi ofundirira, guluu n'kusungunuka, iyo n'kuyandama yokha. Nzeru imeneyi ndi ya sitampa basi. Ine ndinaitengera kwa positikhadi.

Khadilo linali chithunzi chenicheni chotsukidwa pa pepala la Kodak: bambo wina wandevu zopotana ataima pambali pa njinga. Kumbuyo kwake, pa kabokosi komatapo sitampa, panali mawu akuti AZO ndi timakonatatu tinayi toloza m'mwamba, chizindikiro cha mapepala a pakati pa 1904 ndi 1918. Panalinso mzere wolekanitsa uthenga ndi adiresi, umene ku America anauloleza mu 1907. Chinangotsala ndi chaka chenicheni, ndipo deti linabisika pansi pa chibenthu cha pepala lakuda la alubamu chimene chinati kakaka pa theka la uthenga.

Uthengawo unali wa pensulo, ndipo pensulo wamba siopa madzi. Kungoti kuyambira m'ma 1870 kunali pensulo ina yokopera makalata, imene mkati mwake ankasakanizamo graphite (chakuda chija cholembera cha mu pensulo wamba), dongo ndi utoto wotchedwa methyl violet. Ikakhala youma imatuwa ngati inzake. Ikanyowa imasanduka inki ya pepo, n'chifukwa chake makalaliki ankayamba ainyambita kunsonga asanalembe.

Khadi litangoti chubwi m'beseni, zilembo zinayamba kufuka utsi wa pepo. Ndinalivuula ndi zala, zala pepo. Ndinagwira pakamwa, ndinapukuta thukuta pachipumi. Pofuna kuliumitsa msanga ndinalivundikira pa nyuzipepala n'kusanjikapo mabuku, osakumbukira kuti nkhope ya chithunzi chotere ndi jelatini, imene ikanyowa imafewa n'kumata chilichonse. Pokanganula, ndevu za kumanzere zinatsalira pa nyuzi, bamboyo n'kulandira zilembo zozondoka pamphumi.

Mnzanga wina wosunga mapepala akale anandipeza ndili choncho. Anandiyang'ana milomo, n'kuyang'ana beseni.

"Achimwene, mwamwa zimenezi?"

Atatha kuseka anandionetsa kachitidwe kake pa khadi lina la mu alubamu yomweyo. Choyamba ndi tochi: muiwalitse chopendekera, muyang'ane ndi galasi lokulitsa. Pensulo yokopera nthawi zambiri imanyezimira mopita ku pepo. Mukakayikabe, dulani kachidutswa ka pepala lomwa inki kochepa kwambiri, mukanyowetse pang'ono, mukagunditse pa mchira wa chilembo chimodzi kwa masekondi ochepa. Kakatenga mtundu, madzi asayandikirenso. Sipiriti musamuganizire n'komwe, utotowu amausungunulanso.

Pepala la alubamu lija amalichotsa ndi phala la ufa wina wotchedwa methylcellulose, magalamu 4 m'madzi okwana mamililita 100, lolimba moti silithamanga. Amapaka kadera kakang'ono pamwamba pa pepala lakudalo, n'kudikira mphindi zingapo kuti guluu afewe, kenako n'kupala ndi kampeni kopyapyala kosathwa. Pamene pansi pali pensulo yokopera, ngakhale phalalo n'loopsa. Pamenepo amangosenda pouma, pang'onopang'ono, ndipo pakakanika amasiya. Chithunzi chikanyowa mwangozi amachiyanika chagada, nkhope osaigunditsa kanthu mpaka iume. Ndipo asanayambe zonsezi amajambula khadi mbali zonse ziwiri, chinthu chosadya ndi mphindi yomwe, chimene ine ndinachiona ngati chochedwetsa.

Utoto wa pamilomo suchoka ndi sopo tsiku lomwelo, ndiye aliyense wokumana nane ankandifunsa ngati ndapita kale kuchipatala. Koma beseni lisanamiziridwe kuti linalephera ntchito: pepala lakuda lija linachoka lonse bwinobwino. Pansi pake, pamene panali deti, panatsala chibanga cha pepo ndi manambala awiri owerengeka, 1 ndi 9.