Zaka ziwiri zokha: za mikango yamphongo

Mtima wakhala pansi tsopano. Nkhani ya mikango yamphongo yandizunguza mutu temu yonseyi, koma kumapeto kwake yagona pa nambala ziwiri zimene zatsala pang'ono kufanana. Mphongo zikalanda gulu la mikango yaikazi, kawirikawiri zimalisunga zaka ziwiri kapena kupitirirako pang'ono zinzake zisanazichotse. Mkango waukazi ukabereka, sufunanso mphongo kufikira ana atakwana chaka ndi theka kapena zaka ziwiri. Basi. Nambalazi mukaziika pamodzi, zonse zija tinkangoloweza m'kalasi ngati mavesi zimayamba kufotokozana zokha.

Za kuti ana aamuna amathamangitsidwa kwawo ali ndi zaka zitatu kapena chapompo, n'kumayendayenda opanda dera, mukuzidziwa kale. Ndiyambire pa tsiku lolanda.

Ndinatenga kalendala yakale, n'kuitembenuza, kumbuyo kwake ndinajambula mzere wautali wa timabokosi 24. Kabokosi kalikonse mwezi umodzi. Koyamba ndi mwezi umene mphongo zalanda gulu, komaliza ndi mwezi umene zikuchotsedwa. Tiyerekeze kuti zapeza ana a miyezi isanu ndi umodzi, a mphongo zakale. Zikati zidikire mwaulemu, chaka chathunthu kapena kuposa chipita mayi asanazilole. Onjezani bere la masiku 110. Ana awo akubadwa cha m'kabokosi ka 16 kapena 20, ndipo pofika ka 24 akadali tiana tosatha kuthawa, pamene eni atsopano akufika. Palibe chimene chatsala. Mzere wachiwiri ndinajambula ndi pensulo yofiira: mphongo zapha ana aja m'sabata zoyambirira. Mayi ayamba kufuna mphongo pakangopita masiku kapena masabata, ngakhale kuti bere lenileni limatenga miyezi ingapo kuti ligwire. Ana akubadwa cha m'kabokosi ka 8. Pofika ka 24 ali ndi miyezi 16, miyendo yalimba, akhoza kuthawa pamodzi ndi amayi awo.

Nditayang'ana mizere iwiriyo ndinangoti, eee, ndi zimenezi? Kupha ana kuja, kumene ku Serengeti ku Tanzania kumatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ana ofa m'chaka chawo choyamba, si misala ya nyama yolusa. Ndi nthawi imene yachepa. Mphongo ili ngati munthu wa lendi ku Kalingalinga mu Lusaka amene akudziwa kuti tsiku lililonse angathe kupeza katundu wake ali panja.

Ndiye n'chifukwa chake mphongo siyenda yokha. Chilichonse chimene chingatalikitse mzere uja n'chamtengo wapatali, ndipo chimene chimautalikitsa kwambiri ndi kuchuluka. Ziwiri zimaposa imodzi, zinayi zimaposa ziwiri. Ku Sabi Sand ku South Africa, mphongo zisanu ndi imodzi zotchedwa Mapogo zinayamba kulamulira cha m'ma 2006. Mu 2010 zinayi za Majingilane zinapha imodzi ya Mapogo yotchedwa Kinky Tail, ndipo mu 2012 za Selati zinapha inzake yotchedwa Mr T. Werengani zaka zimenezo, muone timabokosi tingati tikanafunika pa kalendala yanga.

Chimene chinandikoma kwambiri ndi ntchito ya Craig Packer ndi Anne Pusey, amene anayamba kutsata mikango ya ku Serengeti mu 1978. Mu 1991 anatulutsa zotsatira za kuyeza DNA. Anapeza kuti mphongo zikakhala ziwiri kapena zitatu, nthawi zambiri pamakhala ina yosakhala m'bale, yongokumana nayo kutchire. Koma zikafika zinayi kapena kuposa, zimakhala za magazi amodzi. Chifukwa chake? Pa ziwiri, iliyonse imabereka ndithu, kotero kugwirizana ndi mlendo kuli ndi phindu. Pa gulu lalikulu, ana ambiri amakhala a mphongo zochepa, zina zimangolondera malire, kubangula usiku ndi kulandira mabala. Ndani angavomere ntchito yotere chifukwa cha mlendo? Koma ngati wobereka ndi mkulu wako, magazi ako akupita patsogolo ndithu. Apanso ndi masamu omwe aja, kungoti tsopano tikugawa timabokosi pakati pa abale.

Ine ndatsimikiza kuti njira ya mzere wa miyezi imaposa njira zonse zophunzirira khalidwe la nyama. Magirafu a chiwerengero cha nyama amakuuza kuti zachepa kapena zachuluka, koma sakuuza chifukwa chake nyama imodzi yachita chimene yachita m'mawa wina. Anzanga a m'gulu lathu lowerengera akuti ndayamba kunyanya, poti ndajambulanso wa njovu ndi wa mimbulu. Anene zimenezo. Ndikanakhala ine wolemba silabasi, wophunzira aliyense akanayamba ndi pepala, rula ndi nyama imodzi, mabuku pambuyo.

Apa ndiye pamandiwawa. Mutu wonsewu aphunzitsi anaudutsa m'phunziro limodzi, masilaidi akuthamanga, mawu aatali okhaokha, kenako "izi zibwera pa mayeso". Palibe amene anaima pa bolodi kulemba nambala ziwiri zija moyandikana, ntchito ya mphindi zisanu. Ulendo wa ku Luangwa umene anatilonjeza unafera pa nkhani ya ndalama. Kuno ku Zambia tili m'dziko la mikango, koma ambiri a ife timaiona pa YouTube, ndiponso magetsi akakhalapo. Ku Lusaka National Park kulibe mkango ndi umodzi womwe. Kuti ufike ku Mfuwe, polowera ku South Luangwa, ndi tsiku lathunthu pa basi kudzera ku Chipata, ndipo thumba la mwana wa sukulu mukulidziwa. Madzulo ukatsika minibasi mutu ukuwawa, magetsi athima, foni yatsala pang'ono kuzima, uwerenga chiyani? Kalendala ija ndinaijambula pa kandulo, sera n'kudonthera pa kabokosi ka 12.

Ukalamba wa mphongo ndi wachidule. Mphongo imakhala pachimake kuyambira zaka zisanu kufika zisanu ndi zinayi. Kutchire n'zochepa zimene zimapitirira zaka 12, pamene yaikazi imatha kufika 15 kapena 16. Mano amasanduka achikasu, amaperepeseka, ena amathyoka. Manyenje amathothoka, nkhope imadzaza zipsera, msana ndi m'chiuno mafupa amaonekera. Ikachotsedwa pa gulu imabwerera ku moyo woyendayenda uja, koma tsopano yopanda mphamvu za unyamata. Imalanda zotsala za afisi, imalimbana ndi nungu n'kutsala ndi minga m'kamwa, kapena imalowera ku makola a anthu. Loonkiito wa ku Amboseli ku Kenya anafika zaka 19, zimene sizichitikachitika, ndipo anaphedwa ndi mikondo mu May 2023 atapita kukafuna ziweto. Kuno kwathu onjezani misampha ya waya imene anthu amatchera nyama zina. Ndipo mnzake akafa, wotsalayo mzere wake umafupika tsiku lomwelo, ngakhale iye alibe bala.

Zimenezi zinandifikitsa pa nkhani ya alenje olipira ndalama. Mfuti ikachotsa mphongo imodzi pa ziwiri, siinaphe mkango umodzi. Yafufuta timabokosi, ndipo ana amene akanafika miyezi 16 akumana ndi eni atsopano ali ndi miyezi isanu. Zambia inaimitsa ulenje wa mikango mu 2013 kwa zaka zitatu, ndipo kafukufuku wa Zambian Carnivore Programme ku South Luangwa, amene Thandiwe Mweetwa anatsogolera polemba mu 2018, anaonetsa kuti mphongo zambiri zinapulumuka ndipo ana anachuluka. Pa pepala langa zikugwirizana bwinobwino.

Pamene sindinakhazikike ndi pa malire a zaka. Mu 2004 ofufuza a ku Serengeti ananena kuti ngati alenje akupha mphongo za zaka 6 kupita m'tsogolo zokha, mikango siingathe, poti mphongo yotere yalera kale ana ake oyamba. Ena atawerengera za ku Luangwa mu 2016 anati zaka zikwere kufika 7. Xanda, mwana wa Cecil, mkango wa ku Hwange ku Zimbabwe, anawomberedwa mu 2017 ali ndi zaka 6, akadali ndi gulu lake ndi ana. Cecil mwiniwake anaphedwa mu 2015 ali ndi zaka 13, ndipo pa msinkhu umenewo anali akusungabe gulu pamodzi ndi Jericho, amene sanali m'bale wake. Pa kalendala yanga, mkango wa zaka 13 unayenera kukhala utachoka kalekale. Mwina nambala ya zaka ziwiri imagwira bwino pa mikango yambiri pamodzi, koma mkango umodziumodzi uli ndi zake. Kaya ndiwonjeze mzere wachitatu, kaya vuto lili pa njira yanga yomweyi, sindinaganize bwino. Mayeso ali pafupi, ndipo za afisi sindinaziyambe n'komwe.