Lachinayi: kutseka chibowo cha shmem mu kernel ya Linux

Ntchito ya lero inali imodzi yokha, kutseka CVE-2022-2590, chibowo cha chitetezo mu kernel (mtima wa Linux), pa makina omwe akadali pa kernel 5.18. Chibowochi chimalola munthu wopanda mphamvu za root (woyang'anira makina) kusintha zomwe zili m'fayilo ya pa tmpfs (malo osungira mafayilo mu memori), ngakhale chilolezo chake chili chowerenga chabe. Ena amachipeputsa poti tmpfs imafufutika makina akazima. Amaiwala kuti /dev/shm ndi /run zimakhala pa tmpfs, ndipo memfd (fayilo yopanda dzina ya mu memori) nayo imadalira shmem, gawo la kernel lomwelo lomwe limayendetsa tmpfs. Pulogalamu ikamata memfd ndi F_SEAL_WRITE, imadalira kuti palibenso angalembemo. Chibowochi chimadutsa chomatiracho.

M'mawa tinayamba ndi kusiyanitsa makina okhudzidwa ndi osakhudzidwa. uname -r imatiuza mtundu wa kernel, koma nambala yokha sikwanira. Vutoli linalowa mu 5.16 kudzera pa commit (kusintha kwa code kosungidwa mu git) 9ae0f87d009c, ndipo limagwira x86_64 ndi aarch64 zokha chifukwa ndizo zinali ndi CONFIG_HAVE_ARCH_USERFAULTFD_MINOR. Choncho tinafufuza dzinali pamodzi ndi CONFIG_USERFAULTFD (userfaultfd ndi njira yolola pulogalamu kudzaza yokha masamba a memori omwe akusowa) mu fayilo ya config ya mu /boot. Pa source tinayendetsa git merge-base --is-ancestor 9ae0f87d009c HEAD. Apa pali msampha: commit ikatengedwa kupita ku nthambi yakale imasintha hash, ndiye lamuloli lingakuuzeni kuti kulibe pamene ilipo. Njira yodalirika ndi kutsegula mm/userfaultfd.c n'kuwerenga mfill_atomic_install_pte() ndi maso. Ngati pte_mkdirty() ikuitanidwa popanda if patsogolo pake, kernel imeneyo ndi yodwala, pokhapokha ngati ili kale ndi chigamba cha mu Ogasiti 2022.

Kuti chigamba chimveke, tiyenera kubwerera ku Dirty COW ya 2016, CVE-2016-5195, chifukwa muzu ndi umodzi.

Pulogalamu ikatenga fayilo ndi mmap ya MAP_PRIVATE, kernel simakopera chilichonse nthawi yomweyo. Imangoloza ku tsamba lenileni la fayiloyo, nthawi zambiri la mabayiti 4096, lomwe mapulogalamu ena akugwiritsanso ntchito. Kope limapangidwa pokhapokha wina akafuna kulembamo, ndipo njirayi ndiyo COW (copy-on-write). Tsono debugger ngati gdb imafunika kulemba breakpoint m'malo owerenga chabe, ndipo imatero kudzera pa ptrace kapena /proc/pid/mem. Njira ziwirizi zimaitana get_user_pages ndi mbendera ya FOLL_FORCE. Kernel imapanga kope, koma PTE (cholemba cha kernel choloza ku tsamba ndi zilolezo zake) ya kopelo imakhalabe yosalembeka, chifukwa dera lonselo ndi lowerenga chabe. Ikabwerera kudzatenga tsambalo kachiwiri, imafunika umboni wakuti ili ndi kopedi osati tsamba la onse. Mu 2016 umboniwo unalibe: thread ina inkangotaya kopelo ndi madvise ya MADV_DONTNEED pakati pa maulendo awiriwo, ndipo zolembazo zinkagwera pa tsamba lenileni. Chigamba cha Linus Torvalds cha Okutobala 2016 chinabweretsa FOLL_COW n'kunena kuti umboni ukhale dirty bit ya pa PTE, chizindikiro chosonyeza kuti tsamba lalembedwamo. Ganizo lake linali lakuti PTE yowerenga chabe singakhale dirty pokhapokha kope litapangidwa kale.

Ganizoli linagwira ntchito zaka zingapo, koma linkadalira kuti aliyense wolemba code mu mm, gawo la kernel loyang'anira memori, alikumbukire. Commit ya mu 5.16 ija inangofuna kuyeretsa code, n'kumaika dirty pa PTE iliyonse yomwe userfaultfd yakhazika. Mapeto ake UFFDIO_CONTINUE, limodzi mwa malamulo a userfaultfd, inayamba kuika tsamba la shmem la onse, lowerenga chabe koma lodindidwa dirty. get_user_pages ikaona FOLL_COW ndi dirty pamodzi, imakhulupirira kuti ndi kope, n'kulemba. Wolemba commit ija sanachite zachilendo ayi. Cholakwika chachikulu chinali kusenzetsa dirty bit udindo wa chitetezo womwe sinapangidwire.

Chigamba cha David Hildenbrand cha mu Ogasiti 2022 chinazula muzu umenewu. FOLL_COW inachotsedwa. can_follow_write_pte() ya mu mm/gup.c, ndi mnzake can_follow_write_pmd() wa masamba akuluakulu mu mm/huge_memory.c, tsopano zimafunsa tsambalo mwachindunji: kodi ndi anonymous (losachokera ku fayilo), ndipo kodi lili ndi PageAnonExclusive (mbendera yosonyeza kuti ndi la pulogalamu imodzi yokha)? Ngati dera ndi logawana, zimakana. Tsamba la shmem silingakhale anonymous, ndiye kaya likhale dirty kaya ayi, khomo ndi lotseka.

Koma PageAnonExclusive inabwera mu 5.19. Tinayesa kutenga chigambachi ndi git cherry-pick pa 5.18 kuti tione, ndipo inagwa monga tinkayembekezera. Wina angathe kukonza mikanganoyo pamanja, koma code singamangike popeza mbenderayo kulibe, ndipo kukoka ma commit onse omwe anaibweretsa ndi kusintha mtima wa mm pa kernel yomwe ikugwira ntchito. Sitingalangize zimenezo. Pa 5.16 mpaka 5.18 njira yake ndi kubweza commit yoyambitsa vutoli.

Masana onse anathera pa git revert imeneyi. Commit ija inakhudza mafayilo awiri, ndipo onse awiri ayenera kubwerera. Mu mm/userfaultfd.c, pte_mkdirty() ibwerere pansi pa chofunikira chakuti tsamba likhale lolembeka kapena lisakhale la mu page cache. Mu mm/shmem.c, SetPageDirty() ibwerere mu shmem_mfill_atomic_pte(). Kubweza theka loyamba lokha n'koopsa mwa njira ina: tsamba lomwe UFFDIO_COPY yangodzaza likhoza kuoneka loyera, kernel n'kulitaya memori ikachepa m'malo molisunga ku swap. Chitetezo chikhalapo koma data itayika mwakachetechete, ndipo vuto lotere limaoneka patapita masabata. Tinawerenga git diff mzere ndi mzere tisanamange.

Kumanga kunalibe zambiri: kukopera config yakale, make olddefconfig, kusintha CONFIG_LOCALVERSION kuti kernel yatsopano isafufute yakale mu /boot, kenako make ndi -j molingana ndi ma core.

Pa kuyesa m'pamene tinachedwa. Mu LTP (Linux Test Project) muli mayeso awiri, dirtyc0w ndi dirtyc0w_shmem. Lamulo lathu n'lakuti mayeso ayambe alephera pa kernel yakale asanapambane pa yatsopano, apo ayi sitikudziwa chomwe tayesa. Ulendo woyamba mu QEMU, pulogalamu yoyendetsa makina ongoyerekeza (VM), kernel yakale inapambana. Chifukwa chake chinali chosavuta: tinaiwala -smp yoikira chiwerengero cha ma CPU, ndiye makinawo anali ndi CPU imodzi. Vutoli ndi mpikisano wa ma thread awiri, ndipo pa CPU imodzi mpata wogundana umachepa kwambiri. Titaika -smp 4 ndi -enable-kvm, kernel yakale inalephera monga inayenera, yatsopano n'kupambana. Samalaninso ndi TCONF. Imatanthauza kuti mayesowo sanayende n'komwe, mwina poti userfaultfd ndi yotsekedwa pamenepo, osati kuti kernel ili bwino. Pambuyo pake tinayendetsa ma selftest a userfaultfd a mu tools/testing/selftests/vm, ndipo tinatsegula gdb n'kuika breakpoint, chifukwa aliyense wokhudza njira ya FOLL_FORCE ayenera kutsimikiza kuti debugger ikugwirabe.

Pali makina ena omwe sangazimitsidwe lero. Pa amenewa funso linali la vm.unprivileged_userfaultfd. Kuika 0 n'kwabwino, ndipo kuyambira 5.11 imabwera ili 0 kale, koma wosuta wamba amathabe kutsegula userfaultfd ndi UFFD_USER_MODE_ONLY. Choncho sitikuiwerengera ngati chotchinga. Chogwirika ndi seccomp, sefa ya kernel ya ma system call, yokaniza userfaultfd yonseyo. Docker imaikaniza kale mu profile yake yanthawi zonse, ndiye tinangofufuza ma container omwe akuyenda ndi seccomp=unconfined kapena --privileged. Pa ma service a systemd tinawonjezera SystemCallFilter=~userfaultfd, kupatula omwe amaifunadi, monga QEMU posamutsa VM mwa postcopy, ndi CRIU.

Madzulo tinaika kernel pa makina oyamba ndi grub-reboot, kuti ikakanika kudzuka makinawo abwerere ku yakale pa ulendo wotsatira. Itadzuka tinaona uname -r ndi uname -v, chifukwa kuika package sikutanthauza kuti ndiyo ikuyenda. Kuzimitsaku kwafufutanso zonse za pa tmpfs, kuphatikizapo tsamba lililonse lomwe likanasinthidwa, koma fayilo yomwe inakoperedwa kuchoka ku /dev/shm kupita pa disk siyera ndi reboot. Imeneyo ifunika kuiyerekeza ndi sha256sum ya gwero lake. Kernel simalemba kanthu mu dmesg pa nkhaniyi, poti kwa iyo kulembako kunali kololedwa.

Mawa ndi makina a aarch64. 5.18 si LTS (kernel yosamaliridwa kwa nthawi yaitali), ndiye revert ya leroyi ingotisunga mpaka tisamukire ku kernel yokhala ndi chigamba chenicheni.