Zikomo nonse amene munadzutsa nafe munda wa agogo

Abale anga ndati ndilembe kaye pano chifukwa mtima wanga wadzadza, dzulo tamaliza kutonola chimanga ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 aka nkoyamba kuunjika matumba m'nyumba osati ogula ayi, ochokera m'munda mwathu momwe muja kufupi ndi Migowi.

Kwa amene simuudziwa mundawu ndi wa agogo athu aakazi, agogo aamuna anabwera chikamwini ndipo ndalama za ku Wenela, kumigodi ya ku Joni, ndi zomwe anagulira ng'ombe ziwiri, ngolo ndi malata a nyumba ija, anasiya za kumigodi Kamuzu ataletsa mu 1974 ndege yonyamula anthu a kumigodi itagwa ku Francistown. Napolo wa 1991 anadutsa pomwepa koma agogo anafukula nkulimanso. Ndiye Freddy atatsitsa mchenga ndi miyala kuchokera ku phiri la Michesi, mayi anangokhala pansi pa mango paja tsiku lonse osayankhula, ine mumtima ndinati basi mundawu watha.

Koma inu anthu inu! Amalume munabwera ndi wilibala ndi anyamata anu sabata zitatu kuchotsa miyala, ya ganyu simunafune kumva, munkangoti mlongo wanga asagone ndi njala. Achimwene ku Joni ndikudziwa kuti nanu zinali zothina komabe mumatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi, Mulungu akubwezereni. Azimayi a banki mkhonde munawadikira mayi ngongole itapsa osawachititsa manyazi, ndiye chaka chinacho ng'amba ya 2024 inapsereza chimanga chisanamasule nkomwe, tinapulumukira mbatata, ndipo kholowa wodzalayo anatipatsa ndi aneba athu ulere, nandolo wambewu anachokera kwa azakhali a ku Chiringa.

Alangizi athu a zaulimi zikomo kwambiri, feteleza atakwera kwacha itagwa mu Novembala 2023 ndinu munatiphunzitsa manyowa a Mbeya, gaga, phulusa, ndowe ndi kafeteleza pang'ono nkumanga m'thumba, poyamba mayi ankakayika koma pano ndi iwo akuphunzitsa anzawo. Amfumu nanunso zikomo potiyimira pa malire madzi atafafaniza zizindikiro zonse.

Kumunsi kuja mchenga ukadalipo ndithu, tadzalako chinangwa kaye. Loweruka likubwerali mayi akuphika thobwa ndipo mbuzi imodzi igwa, nonse ndakutchulani ndi ena ndaiwala bwerani kunyumba, amalume musaiwale kubwera ndi anyamata aja.