Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: laputopu yogula ndi ng'ombe ya ababa

Ndabweranso abale anga. Pepani ndinakhala duu masabata apitawa, ntchito inandipanikiza, koma mauthenga anu ndimawaona onse, ena mpaka kundiimbira kuti gawo linalo lili kuti. Zikomo kwambiri inu amene munalemba pansi pa gawo 6 kuti nanunso munadutsira ku CDSS ndipo mukudziwa ululu wolemba MSCE usanalowepo mu labu. Mayi aja munati mwana wanu wamkazi ali folomu 3 ndipo akufuna kudzapanga za makompyuta, ndakuyankhani ku inbox, chonde musamufooketse mwanayo.

Tinalekezera pamene dzina langa linatuluka pa mndandanda wa NCHE, bungwe loona za maphunziro a ukachenjede, kuti ndasankhidwa ku Mzuni kukapanga ICT, maphunziro a za makompyuta. Kunyumba kunali nthungululu tsiku loyambalo, koma mawa lake kunatulukira amalume aakulu, omwe aja anakana kundithandiza fizi ya folomu 3, amene mwawerenga gawo 4 mukuwadziwa bwino. Anaimika njinga pa mtengo wa mango, kukhala pakhonde, amayi kuwapatsa thobwa, nde akuyamba. Akuti mwana wamkazi makompyuta akatani nawo, anyamata oika nyimbo m'mamemory card pa Chamama paja anapita ku yunivesite iti, apite pa TTC pa boma pomwepa zaka ziwiri basi ayambe kulandira athandize azing'ono ake. Kwathu kuno mukudziwa mawu a malume salemera pang'ono, mwini mbumba ndi iwowo, ndiye amayi anangoti zyolii. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe ndikumva zonse mtima ukugunda.

Ababa sanali munthu wolankhulalankhula. Anadikira amalume amalize, kenako anati, "Alamu, mnyamata wa kwa Wimbe uja William Kamkwamba ankatola zitsulo pa dzala anthu nkumati wapenga, mpaka anayatsa magetsi pakwawo ndi mphepo. Uyu boma lamusankha lokha, musiyeni apite." Basi nkhani inathera pomwepo, amalume ananyamuka osatsanzika.

Ena mwakhala mukundifunsa kuti bwanji sindinangomvera, poti uphunzitsi ndi ntchito yabwino. Inde ndi yabwino ndipo aphunzitsi ndimawalemekeza, popanda aphunzitsi a masamu aja amene ankabweretsa laputopu yawo m'kalasi kutionetsa Excel ine sindikanadziwa nkomwe kuti kuli maphunziro otere. Koma mtima wanga unali utapita kale kumeneko, ndinkafuna kudziwa chimene chimachitika mkati munthu akatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, kuti zimachoka bwanji pa foni ya achimwene ku Lilongwe nkufika pa foni ya amayi kumudzi m'kanthawi kochepa. Funso limeneli linkandisowetsa tulo ndithu.

Ulendo wa ku Mzuzu unali woyamba kudutsa Jenda. Chikangawa ndinkangoimva pa wailesi, tsiku limenelo ndinaiona ndi maso, chifunga chili tolo, ine juzi yopyapyala ya ku Kasungu kuno. Ndinapeza kachipinda ku Luwinga, tinkakhala awiri ndi mnzanga wa ku Nkhamenya uja ndinamutchula gawo latha, amene anandiphunzitsa Chitumbuka chogulira tomato kumsika. Fizi inalipiridwa ndi loni, za mthumba zinkachokera ku fodya wa ababa.

Chaka choyamba chinandiwawa. Tsiku loyamba mu labu anzanga ochokera m'masukulu a ku Lilongwe ndi Blantyre ankatayipa osayang'ana kiyibodi, ine ndikufufuza chilembo chimodzichimodzi ndi chala chimodzi, @ osadziwa kuti amatulutsa bwanji, kufunsa manyazi. Kalasi yonse atsikana tinali owerengeka. Laibulale yaikulu inali itapsa mu December 2015, ndiye zowerenga zambiri zinkayenda ngati ma PDF pa WhatsApp ndi m'mafulashi, opanda laputopu unkangodalira labu ikatseguka komanso pakakhala malo. Ine code, malamulo ouza kompyuta chochita, ndinkalemba mu hadikava ndi bolopeni usiku kuchipinda, mzere ndi mzere, ma semicolon onse ndi ma bracket, kenako ndikapeza kompyuta nkukatayipa, compiler, pulogalamu yomasulira code kuti kompyuta imve, nkundionetsa ma error ofiira sikirini yonse, nthawi nkutha munthu wina akudikira mpando kumbuyo kwanga. Ndinakhoza chaka chimenecho koma movutikira, programming ndinangodutsa pamzere penipeni.

Holide itakwana ndinafika kunyumba nditaonda. Sindinapemphe laputopu, Mulungu ndi mboni, ndinkadziwa mmene zinthu zinalili. Koma ababa anaona hadikava ija, anaitsegula, iwo Chingerezi sawerenga kwenikweni, anangoona masamba odzaza ndi zizindikiro, nde akufunsa kuti kodi anzako amalembanso m'makope chonchi? Ndinati ayi, iwo ali ndi makina awo. Sanayankhe.

Tinali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, yakuda ndi yofiira, ababa anazilera kuyambira zili ana ndipo anaziphunzitsa goli okha. Ndi zimene zinkatuta manyowa, mitengo ya chigafa, chimanga kuchokera kumunda, ndiponso odwala m'mudzi mwathu usiku ankapita kuchipatala pa ngolo yomweyo. Lachisanu lina m'mawa kunabwera anthu awiri ogula ng'ombe ndi chingwe. Ndinamva akukambirana mtengo kukhola, ndinathamangira kwa amayi kukhitchini kuti chikuchitika nchiyani, amayi akungosonkheza moto osandiyang'ana. Anatenga yofiira. Ababa sanaperekeze, analowa m'nyumba, ndalama anazikulunga mu kapepala ka shuga nkundipatsa m'manja, akuti, "Mayi, kagule makina akowo." Yakuda ija inalira usiku wonse kufuna inzake, palibe anagona pakhomo paja.

Amene simunakulire kumudzi mvetsani, ng'ombe imodzi sikoka ngolo. Kugulitsa imodzi kunali kuimitsa ngolo yonse. Kuyambira pamenepo ababa ankadikira aneba amalize ntchito zawo ndipo abwereke yawo kuphatikiza ndi yakuda ija, ndiye chilichonse chinkachedwa, manyowa mochedwa, mitengo mochedwa, nthawi zina ankangonyamula panjinga munthu wamkulu ngati uja.

Achimwene anandigulira HP yakale ku Lilongwe, RAM 4GB, batire yosakhalitsa, koma kwa ine inali chuma. Chaka chachiwiri zinthu zinasintha kwambiri, ndinaika XAMPP, pulogalamu yoyesera mawebusayiti, kuyamba kuseweretsa PHP ndi MySQL zopangira mawebusayitiwo mpaka usiku, ma network ndinkayeserera pa pulogalamu ya Packet Tracer, magiredi anakwera moti anyamata omwe ankandidutsa aja anayamba kubwera kudzafunsa za ma database.

Kenako korona. Pa 23 March 2020 sukulu zonse zinatsekedwa m'dziko muno, tinalongedza kubwerera kwathu osadziwa kuti tidzatsegulira liti. Kwathu magetsi kulibe, netiweki imagwira bwino pachulu kuseri kwa khola, ndiye ndinkagula bandulo ya usiku nkukakhala pachulupo ndi chitenje kumutu kutsitsa manotsi ndi mavidiyo. Kutchaja ndinkapalasa njinga kupita pa trading, pa shopu ina yometera yomwe inali ndi sola ndi invetala, ankatchajitsa mafoni ambirimbiri pa ekisitenshoni imodzi. Dzina la shopuyo sinditchula.

Tsiku limenelo linali la mu May, kunja kukuzizira kale. Ndinalumikiza chaja monga mwa masiku onse, nkukhala pa benchi panja. Mnyamata wometa anayatsa mashini ake, ndinangomva kuti phwaa mkatimo, mafoni ena kuzima, kenako fungo la pulasitiki yopsa. Ndinalowa mothamanga, chaja ili yotentha yosagwirika, laputopu kakuwala kake kazima. Ndinadina batani. Palibe. Ndinachotsa batire, kudina batani nthawi yaitali monga tinaphunzirira, kubwezera, kudinanso, palibe. Ndinainunkhiza pa mabowo a fani, fungo lija likuchokera mkati. Mwini shopu akuti chemwali zimachitika izi, ife sitilipira, mwaona chikwangwani apo. Ndinalibe mphamvu yokangana naye, miyendo inali zii.

Njinga sindinakwere pobwerera, ndinkangoikankha, laputopu ili kumsana mu chikwama. Njira yonse ndinkangoona ng'ombe yofiira ija ikutuluka m'khola ndi chingwe m'khosi. Ndinafika dzuwa litapendeka, ababa ali m'chigafa akusankha fodya ndi azing'ono anga, manja akuda ndi phula la fodya, akuika masamba m'magiredi kukonzekera kudinda mabelo opita ku Chinkhoma. Anandiyang'ana nkumwetulira kuti makina akhuta moto? Ndinangoti eee nkudutsa. Madzulo nsima inandikanika, amayi anazindikira, ananditengera kuseri ndipo ndinawauza ndikulira, iwo anagwira pakamwa nkuti ukawauze wekha bambo ako, ine sindingathe.

Ndinawapeza abwerera m'chigafa ndi tochi. Ndinagwada pakhomo pa chigafacho, mawu osatuluka, mpaka anafunsa okha kuti kwagwanji. Nditanena, sanakalipe, ndipo mwina akanakalipa zikanandipepukira. Anapitiriza kumanga fodya amene anali m'manja, kumanga, kuika pambali, kutenga wina, ine ndili chigwadire. Patapita nthawi anafunsa kuti, "Sizingakonzeke?" Ndinati ndikayesa pa boma. Anati chabwino, kagone mayi. Koma iwo sanagone, ndinkawamva akutsokomola panja mpaka tambala woyamba, ndipo m'mawa phala sanadye. Mpaka lero nkhani ya tsiku limenelo sitinaikambenso ine ndi iwo.

Nkhani m'mudzi sichedwa. Pa maliro ena sabata yomweyo amalume aja anauza anthu pagulu kuti ng'ombe ya alamu awo yapsa ndi moto wa sola pa trading, anthu nkumaseka, ababa ali pomwepo pa mpando wa amuna. Wina analemba mu ndemanga pa gawo 4 kuti si bwino kuyalutsa malume ako pa intaneti. Achimwene, ndakumvani, ndipo nchifukwa chake dzina lawo sindinalitchule ndipo sindidzalitchula. Koma iwo anayalutsa bambo anga pamaliro, pamaso pa mafumu, munthu amene sanalandire kwa iwo ngakhale 1 tambala ya sukulu yanga. Lero foni yawo ikavuta amaitumiza kwa ine, mwana wawo ndinamulembera ine mafomu a sukulu pa intaneti, ndimawathandiza ndi mtima umodzi poti ndi mlongo wawo wa amayi, koma mawu aja sindinaiwale ndipo sindinamizira kuti ndinaiwala.

Pa boma okonza anaitsegula nkunena kuti motherboard, bolodi yaikulu ya mkati, yapita, kugula ina bola kugula laputopu ina. Ndinawapempha sikuludiraiva, ndinamasula ndekha hard disk yosunga mafayilo, ndinagula kakesi ka USB ndi ndalama ya thiransipoti nkuyesa pa kompyuta yawo. Mafayilo onse anatuluka, manotsi, ma project, zithunzi, chilichonse. Ndinalira pa shopu ya eni ake anthu akundiyang'ana. Mkulu wokonzayo anadabwa kuti mtsikana akudziwa kumasula, anandiuza kuti ndizibwera Loweruka kudzathandiza kuika Windows ndi kuchotsa mavairasi, nde timakobiri ta bandulo miyezi yotsalayo tinkachokera pamenepo.

Kuwerenga ndinabwerera ku hadikava ndi foni. Code ya Python ndinkayeserera pa app ya pafoni ya Pydroid pa kasikirini kakang'ono mpaka maso kuwawa, subnetting, masamu ogawira ma network, imatheka bwinobwino papepala ndiye ndinaidziwa kuposa wina aliyense m'kalasi mwathu, koma za Packet Tracer zinaima kaye. Sukulu zitayamba kutsegulidwa mu September 2020 nafenso titabwerera ku Luwinga, mnzanga wa ku Nkhamenya uja anati tizigwiritsa ntchito yake, iye mpaka 12 koloko usiku, ine kuyambira pamenepo mpaka kucha, hard disk yanga ili pambali pa chingwe. Sanandiwerengerepo ngakhale tsiku limodzi. Ukuwerenga ndikudziwa, Chiuta wakutumbike mnyane.

January 2021 anatsekanso, tinatsegulanso, chaka chachitatu ndi chachinayi zinadutsa choncho pa laputopu yobwereka mpaka ndinavala gauni.

Ng'ombe ija sinabwerere mpaka pano. Ababa ankati akagulitsa fodya agula ina, koma kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, feteleza kukwera, kenako 44% mu November 2023, ndalama ya fodya imangothera ku zipangizo za chaka chotsatira. Yakuda ija inakalamba, ngolo ili pansi pa mtengo matayala anaphwa. Ndikusunga pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro anga ndipo ndikufuna ndigule ziwiri osati imodzi, iwo sakudziwa, azing'ono anga amene muli pano musakawauze.

Mchemwali amene munafunsa kuti mwana wanu wasankhidwa IT mumugulire laputopu yotani, musavutike ndi yatsopano, yakale yabwino ya Core i5, RAM 8GB ndi SSD imukwanira zaka zonse zinayi, koma muonjezerepo surge protector yoteteza magetsi akabwera mwamphamvu, ndi fulashi yosungira ntchito zake, ndipo asamatchaje pa invetala yomwe akulumikizaponso mashini ometera kapena firiji. Gawo 8 ndidzakamba za attachment ku Lilongwe ndi bwana uja ankandituma tiyi pamene anyamata akupita ku server room.