Kagalimoto kowongoka kanafika komaliza

Loweruka lapitali, kunja kuli chisanu choluma zala, makolo 5 ndi ana 7 a gulu lathu la Cub Scouts (masikauti a ana aang'ono) tinanyamuka ku South Bend, kuno ku America, kukacheza ndi gulu lina la mu Indiana momuno, lomwe ana ake sagonja wamba pa Pinewood Derby. Amene simunauonepo mpikisanowu, mwana amapatsidwa kachidutswa ka thabwa la paini, misomali inayi ndi timatayala tinayi ta pulasitiki kuti aseme galimoto. Injini palibe, kamangotsetsereka kokha panjanji. Anauyambitsa ndi Don Murphy mu 1953 ku Manhattan Beach, California, ndipo kagalimoto sikaloledwa kulemera kuposa magalamu pafupifupi 142.

Ndisabise, ine ndinapita modzimva. Munthu ndinakulira pa galimoto zamawaya ku Zomba, ndiye ndinkati za matayala palibe angandiuze. Kagalimoto ka mwana wanga tinakawongola usiku wonse mpaka kamayenda ngati akukakoka ndi chingwe.

Titafika anatilandira ndi khofi, kenaka bambo wina wachikulire anayala thabwa losalala patebulo, n'kulitsamiritsa pa buku kuti lipendekeke pang'ono. Anatenga kathu, kukasiya, kanatsika mowongoka bwinobwino. Ine ndikudikira kuyamikiridwa, bamboyo anangopukusa mutu. Anati kowongoka chotero ndi komwe kamakadzandira panjanji.

Tinakaona tokha. Njanji ija ili ndi kamzere kotukuka pakati, kamene kamadutsa pakati pa matayala. Kathu kanagunda kamzereko ndi tayala lakumanzere, kubwerera, kugundanso ndi lakumanja, kumangomveka kwekwekwe mpaka kumapeto. Kugunda kulikonse kumadya liwiro. Pa tigalimoto tinayi, kathu kanafika komaliza, mwana wanga osafuna n'kundiyang'ana komwe.

Anzathuwa amachita mosiyana. Amapinda pang'ono msomali wa tayala limodzi lakutsogolo, n'kumaupotokola pang'onopang'ono kufikira kagalimoto kazipatuka masentimita pafupifupi 10 pa mtunda wa mita imodzi ndi masentimita 20. Kakaikidwa panjanji, tayala lija limatsamira kamzere kapakati mofatsa ulendo wonse, osagundagunda. Akumbuyo sayenera kukakhudza n'komwe. Misomali yakumbuyo amailowetsa mopendeketsa pang'ono kuti tayala lizithawira kumutu kwa msomali, lisamakhulane ndi thabwa. Anandipatsa galasi lokulitsira zinthu kuti ndione kunsi kwa mutu wa msomali watsopano: pali timizere takuthwa totsalira kufakitale, tomwe timakanda tayala. Amatichotsa ndi tupa, kupukuta ndi sandipepa wosalala, kenaka n'kuthira ufa wa graphite, womwe umachepetsa kukhulana. Ine ndinali nditangokhomera misomali mmene inatulukira m'bokosi.

Kathu atakakonza, kanafika kachiwiri. Mwana uja anayambanso kundilankhula.

Chimene chinautsa mkangano ndi tayala lachinayi. Kwa anzathuwa, tayala lina lakutsogolo amalikweza kuti lisakhudze pansi, poti tayala lililonse lozungulira limalanda mphamvu yomwe ikanakankha galimoto. Bambo uja anadutsitsa pepala pansi pa tayalalo, linadutsa osakodwa. Koma malamulo amasiyana gulu ndi gulu, ndipo athu amati onse anayi agunde pansi. Pobwerera, mayi wina m'galimoto mwathu anati kukweza tayala n'kuba, bambo wina nati ayi, ndi nzeru chabe. Ine ndinali mbali ya bamboyo, ngakhale ndikuvomereza kuti mwana wa zaka 7 sangapinde yekha msomali moyenera, ndiye mpikisano umasanduka wa makolo.

Tinagwirizana kuti nkhaniyi tikaitule pa msonkhano wa mwezi uno. Pakadali pano tagula misomali ina, chifukwa Lamlungu ndikuyeserera ndekha pakhomo ndinapinda umodzi mopitirira, tayala n'kukaniratu kuzungulira.